Ndege za a Mwalughali m'Munda wa Mpunga ku Hara

M'chaka cha 1987 a Morton Mwalughali a ku Mwenilondo anajambula ndege makumi atatu ndi zisanu ndi ziwiri zimene zinatera pa bwalo la ndege la Karonga, ndipo palibe chithunzi ngakhale chimodzi mwa zimenezi chimene anachiona papepala. Pa nthawiyo anali ndi zaka makumi atatu ndi chimodzi. Ntchito imene inkawadyetsa inali yojambula anthu: akwati, ana obatizidwa, ophunzira ofuna zithunzi za pa ziphaso, ndi magulu a gule wa mapenenga pa Khirisimasi. Ankapalasa njinga kuchokera ku Mwenilondo mpaka ku Iponga, kamera itakulungidwa m'chitenje. Ndege sizinkawapatsa kanthu. Ankangozikonda, ndipo sanayesepo kufotokozera munthu chifukwa chake.

M'zaka zimenezo munthu wopezeka akuloza kamera ku bwalo la ndege ankafunsidwa mafunso ambiri, ndipo si onse amene ankagona kwawo tsiku lomwelo. Choncho a Morton sankalowa pachipata. Ankatsamiritsa njinga pamtengo wa mango, n'kukagona chafufumimba m'munda wa chinangwa kunja kwa mpanda, nyerere zikuwayenda m'malaya, kudikira kuti ndege itsike. Filimu ankatsuka okha, m'kachipinda kamene ankatseka mawindo ndi mabulangete. Za makasitomala ankazisindikiza papepala. Za ndege ankaopa, chifukwa chithunzi cha papepala aliyense amachizindikira.

Pamenepa mpofunika kufotokoza kagwiridwe kawo ka ntchito, pakuti nkhani yonse yagona pomwepo. Ojambula ena akatsuka filimu amaidula tizidutswa n'kuika m'maenvulopu. A Morton sankadula. Ankaiumitsa yathunthu, yaitali pafupifupi msinkhu wa munthu, kenako n'kuipiringiza, kuimanga ndi ulusi, ndi kuiponya m'chitini cha mabisiketi. Ankati filimu yopiringiza siikopa maso a munthu, ndipo wofufuza akaiona angayese ndi zotaya.

Zinthu zitasintha mu 1994 anayamba kuimirira poyera pa mpanda, ndipo oyendetsa ndege ena ankawakwezera dzanja. Koma mapepala osindikizira anali osowa. Mankhwala ndi mapepala ankawabweretsera a Yusuf, wamalonda wochokera ku Mangochi amene anali ndi sitolo pa boma ndipo ankakaoda katundu ku Mbeya. Mapepala ochepa amene ankabwera ankathera pa maukwati. A Morton ankati ndegezo adzazisindikiza akadzapuma ntchito. Filimu yomaliza anajambula mu 2006, anthu atayamba kudzijambula okha ndi mafoni. Pofika chaka chimenecho zitini zinali zitatu, zodzaza mpaka pa chivundikiro.

Zivomezi za mu Disembala 2009 zinagwetsa khoma limodzi la nyumba yawo, mvula ili m'kati. Iwo anagona m'tenti, koma zitini anazikweza basi n'kupita nazo ku Hara, kwa mlongo wawo a Yunike, amene anakwatiwa ndi a Chakufwa Msowoya, mlimi wa mpunga pa sikimu ya ulimi wothirira. Nyumba ya a Msowoya inali ya malata ndipo sinang'ambike. A Morton anaika okha zitinizo pamwamba pa kabati, n'kunena mawu ochepa: kuti muli mafilimu awo, ndipo asanyowe. Nyumba imene anamanganso ku Mwenilondo inkadontha, choncho sanafulumire kukazitenga. Akakumana ndi mlongo wawo pa maliro kapena pa ukwati ankafunsa ngati zitini zija zilipo, ndipo a Yunike ankayankha kuti zilipo. Yankho limeneli silinali bodza. Zitini zinalipodi.

Kumayambiriro kwa 2019 a Morton anapita ku chipatala chifukwa cha maso. Anawauza kuti si ng'ala yochotsa ndi opaleshoni ayi, koma nthenda imene imapha mtsempha wa diso. Anati diso lamanja linali litatha kale, ndipo lamanzere silikhalitsa. M'miyezi yomweyo kunamveka kuti gulu la anthu oyendetsa ndege zing'onozing'ono lidzachita chionetsero pa bwalo la Karonga mu Juni. A Asma, mwana wa malemu a Yusuf, anali atasandutsa sitolo ya bambo awo kukhala malo osindikizira makalata ndi zithunzi, ndipo anali ndi makina owerenga filimu yakale n'kuika zithunzi zake mu kompyuta. Anakumbukira makatoni a mankhwala amene bambo awo ankasungira a Morton, ndipo anawaitanitsa.

"Adada, bweretsani mafilimu aja," anatero a Asma. "Tisindikiza zazikulu, tikakhome m'tenti ya pa chionetsero. Anthu aone kuti kuno kunkatera chiyani."

"Za tentizo n'zanu, mwanangu," anayankha a Morton. "Ine ndikufuna ndizione ndekha, diso ili lisanatseke. Ndinazijambula, koma sindinazione."

Anapita ku Hara Loweruka pa 11 Meyi 2019. A Asma anawaperekeza chifukwa a Morton sankaonanso bwino masitepe a minibasi, ndipo popeza panali mlendo wa ku Mangochi, zambiri za tsikulo zinayankhulidwa m'Chichewa. A Yunike anawalandira pakhonde, koma atamva chimene abwerera anayamba kutanganidwa ndi zina. Anafuna kufulula tiyi. A Asma anathokoza n'kunena kuti ali pa kusala kwa Ramadani. Anafuna kugwira nkhuku. A Morton anati nkhuku idikire.

"Zitini zija, Yunike."

"Zilipo, adumbu. Mupume dankha, mupume kaye, ulendo ngwautali."

"Ndapuma zaka khumi. Tsitsa."

A Yunike anazitsitsa chimodzichimodzi. A Morton anatsegula choyamba, ndipo fungo linawafika asanapisemo dzanja: munali usipa wouma. M'chachiwiri munali mabatani, singano ndi njere za tomato zokulungidwa m'nyuzi. Chachitatu chinali chopanda kanthu, kupatula timaulusi takuda todukaduka pansi pake.

"Nanga za m'kati mwake zili kuti?"

A Yunike anayang'ana pansi. "Zili ku munda. Kafunseni alamu anu."

Amene sanakhalepo ku Hara ayenera kudziwa izi. Mpunga ukayamba kukhwima, mpheta zimabwera ngati utsi, ndipo munda wosalondera umatha m'mawa umodzi. Alimi amazika nsungwi m'mbali mwa puloti, n'kumanga zingwe zopingasa, n'kupachikapo zinthu zonyezimira ndi zaphokoso. Kwa zaka zambiri chida chodalirika chinali tepi ya kaseti, chifukwa imang'anima padzuwa ndipo imalira ndi mphepo. Makaseti atatha m'masitolo alimi anavutika. Palinso lamulo losalembedwa la anthu a ngalande imodzi: chimene chakuthandiza kuingitsa mbalame sumana nacho mnzako, chifukwa mbalame zimene wathamangitsa iwe zimakatera kwa iye.

Atafika ku mundako, a Asma ndi amene anayamba kuona. Anaima pa mlambala wa ngalande n'kugwira pakamwa. Pa mapuloti onse a mbali imeneyo panali mafilimu, mazanamazana, atapachikidwa pa zingwe, akuzungulira ndi mphepo, akung'anima ndi kuchita phokoso ngati masamba ouma. Ena anali atayera mbee. Ena anali atagwera m'matope n'kupondedwa.

A Chakufwa anatsika pa nsanja yolonderapo akuseka, manja ali tambasu.

"Alamu! Mwafika tsiku labwino. Bwerani mudzaone katundu wanu mmene akugwirira ntchito. Sikimu yonse ikukutchulani dzina."

"Ndani anakuuzani kuti mutsegule zitini zanga?"

"Aa, alamu, chinthu chikagona m'nyumba mwako zaka zisanu ndi ziwiri, ungalephere kuchisuzumira? Ngakhale mbewa imasuzumira. Tinatsegula mu 2017, chaka chimene mpheta zinatikwiyira. Chitini chimodzi chaka chimenecho, china chaka chatha, ichi n'chomaliza. Ndipo ndikuyamikeni, munaganiza bwino posadula. Zikadakhala tizidutswa sizikadathandiza. Komanso muli timabowo kale m'mbali monsemu, ungoti tsono chingwe chilowe. Ngati anapangira ife."

"Za zaka ziwirizo zili kuti?"

"Tikakolola timatentha pamodzi ndi mapesi. Zimayaka bwino, koma kununkha kwake!"

A Asma sanathe kudzigwira. "Bambo, mukudziwa kuti izi ndi zithunzi?"

"Amama, musatiyese mbuli," anatero a Chakufwa, ndipo apa nkhope yawo inasintha, anayankhula ngati munthu wonamiziridwa. "Tinaziyang'ana padzuwa, ine ndi akazi anga, imodziimodzi. Tikadapeza ukwati wa munthu, kapena nkhope ya malemu aliyense, sitikadakhudza ngakhale ndi chala. Ndife Akhristu. Koma munalibe munthu. Timitanda tokhatokha m'mwamba, tina ndi mpanda wa waya. Tinati awa ndi amene anakanika, amene alamu analakwitsa pojambula."

Mawu amenewa ndi amene amanyansa kwambiri m'nkhani yonseyi, chifukwa a Chakufwa ankanena zoona monga ankazidziwira. Sanabe mobisa. Anakhala pansi, anaunika ntchito ya zaka makumi awiri ya mlamu wawo, chithunzi ndi chithunzi, n'kugamula kuti n'zinyalala chifukwa palibe amene anavala suti. Ndipo m'zaka zitatu zonsezo, pa maliro onse ndi maukwati onse amene anakhala pa mphasa imodzi, sanaone chifukwa chofunsira.

A Morton anavula nsapato, anapinda thalauzi, n'kulowa m'matope.

"Iyayi, alamu, apo pokha ayi," anakuwa a Chakufwa. "Kuno chingwe sichimasulidwa mpunga uli m'munda. Dikirani masabata awiri, tikolole, mudzatenge zonse, ndidzakunyamulirani ndekha pamutu."

"Masabata awiri dzuwa likhala litamaliza," anatero a Asma. "Taonani izi, zayamba kale kusenda."

"Nanga mbalame zikamaliza mpunga, mlongo wanuyu adzadya ndege zanuzo? Adzaziphika ndi chiyani?"

A Morton anafika pa chingwe choyamba n'kuyamba kupapasa. Mfundo sankaziona. Filimu yoyamba imene anagwira inali yoterera ndi zitosi, ndipo ataikoka, khungu lake, limene limasunga chithunzi, linasupuka n'kumatirira ku zala zawo ngati mamba a nsomba yovunda. Anaikweza pafupi ndi diso lamanzere, anaitembenuza padzuwa, ndipo anapeza kuti akuyang'ana pulasitiki yoyera. Anapukuta zala pa malaya n'kupita pa ina. Misundu inawaluma m'miyendo ndipo sanaichotse.

Pa puloti yoyandikana panali a Eliness, mayi wamasiye amene anapatsidwa gawo lake la mafilimuwo monga mwa mwambo. Ataona zimene zinkachitika anathamanga n'kuima patsogolo pa nsungwi zawo, chikwanje chili m'manja.

"Zangazi musakhudze, adada. Ine ndinapatsidwa, sindinabe. Milandu yanu ya pachilamu mukakambirane kunyumba."

"Amama, n'zanga," anatero a Morton. "Ndinagona m'chinangwa kuti ndijambule zimenezo."

"Inenso ndikugona m'munda muno, yayi? Mukabwere tikakolola."

Anthu a mapuloti ena anasonkhana pa mlambala, ena akuseka, ena akufunsana kuti mdala ameneyu wadwala chiyani kuti azilimbana ndi zoopsezera mbalame. Wina anafuula kuti ngati akufuna ndege akwere mtengo, zimadutsa Lachinayi. Palibe mmodzi yemwe anamasula chingwe chake.

Amene analowa m'matope pambuyo pake anali a Yunike. Anakwinya chitenje, anadutsa amuna awo osawayang'ana, n'kuyamba kumasula mfundo zimene mchimwene wawo sankaziona.

"Yunike, ukuchita chiyani?" anafunsa a Chakufwa.

"Ndikumasula. Mawa ndidzalondera ndekha ndi pakamwa, monga tinkachitira kale."

Kwa mchimwene wawo ananena motsitsa mawu, m'Chitumbuka, kuti anaganiza zowauza kangapo koma anachita mantha. A Morton anangowapatsa filimu ina kuti agwire. Pofika masana anali atachotsa zonse za pa puloti ya a Msowoya. A Asma anaziyala m'chitenje chawo, popeza m'zitini mmene munali usipa a Morton anakana kuti muikidwenso kanthu. Nkhuku ija sinaphedwe. Pochoka, a Chakufwa anawatsatira mpaka pa msewu akudandaula kuti mlendo sachoka osadya, ndipo anafunsa a Asma ngati ku sitolo kwawo kulibe mafilimu ena akale amene sakugwira ntchito.

A Asma anatha sabata yathunthu akutsuka mafilimuwo ndi madzi ozizira, kuwaumitsa pamthunzi, ndi kuwalowetsa m'makina. Ambiri sanatulutse kanthu. Ena anatulutsa mawanga okhaokha, kapena theka la phiko. Zithunzi zimene ndege inkaoneka yathunthu zinapezeka khumi ndi zinayi, zonse za m'zaka zomalizira, chifukwa zakale kwambiri zinali m'chitini chimene mafilimu ake anatenthedwa poyamba.

Pa 20 Meyi a Morton anakhala pa mpando m'sitolomo, nkhope itatsala pang'ono kugunda galasi la kompyuta, dzanja litaphimba diso lakufa. A Asma ankakulitsa chithunzi chilichonse mpaka chidzaze galasi lonse.

"Iyi ndi ya amishoni," anatero a Morton. "Woyendetsa wake anali ndi ndevu, ankatera ngati akuopa kudzutsa mwana. Pitirira. Iyi ndi helikopita imene inabweretsa chimanga chaka cha madzi osefukira. Chimene chili pamchirapo n'chiyani?"

"Ndi chitosi, adada. Chinadya mpaka m'kati. Ndingathe kuchifufuta ndi kompyuta."

"Chisiye. Anthu aone."

Anayang'ana zonse khumi ndi zinayi, kenako anapempha kuti ayambirenso. Atamaliza ulendo wachiwiri anafunsa ngati zatha. A Asma anati zatha. A Morton anati zinatuluka bwino kuposa mmene ankaganizira, ndipo kuti sanali wojambula woipa.

Chionetsero chinachitika Loweruka pa 22 Juni 2019. Kunabwera ndege zing'onozing'ono zisanu, ndipo khamu linadzaza mpaka kumsewu. Zithunzi zija anazikhoma pa bolodi m'tenti, dzina la a Morton litalembedwa pamwamba. Anthu ambiri ankangodutsa kuthamangira kukadzijambula pafupi ndi ndege zenizeni, koma ena ankaima, makamaka achikulire ndi oyendetsa ndege awiri amene anafunsa mafunso ambiri.

Chakumasana a Morton, amene anakhala pa mpando pakona ya tenti, anamva mawu amene ankawadziwa. A Chakufwa anali atabwera pa lole ya anthu a ku Hara, atavala jekete, ndipo anaima pafupi ndi bolodi akufotokozera alendo.

"Wojambulayu ndi mlamu wanga weniweni, ndinakwatira mlongo wake. Zithunzi zimenezi tinasunga ndife, kunyumba kwanga, zaka khumi. Pakadapanda ife, chivomezi chikadazimeza. Tandijambulani apa, dzinalo lioneke."

Mlendo wina anawagwira chanza n'kuwathokoza chifukwa chosamala mbiri ya boma lino. A Chakufwa analandira kuthokozako ndi manja awiri.

A Asma anafuna kuyankha, koma a Morton anawagwira mkono, anatenga ndodo yawo, n'kupempha kuti awatulutse panja. Anakaima pa mpanda, kutali ndi tenti. Ndege ina itayamba kuthamanga kuti inyamuke, a Asma anawapatsa foni yawo.

"Jambulani imodzi, adada. Ndikulozerani."

"Ayi, mwanangu," anatero, n'kuibweza. "Ndinajambula zokwanira. Mpheta za ku Hara zinakhuta."

Anakhalabe pa mpandapo mpaka ndege yomaliza inanyamuka, akutembenuza mutu kutsatira kulira kwa injini, ndipo anauza a Asma molondola kuti ndi iti imene inali ndi injini yokalamba.

Mafilimu amene anatsala m'mapuloti a a Eliness ndi anzawo anatenthedwa pamodzi ndi mapesi kumapeto kwa Meyi, monga mwa chizolowezi. Palibe anatumiza uthenga ku Mwenilondo. Diso lamanzere la a Morton linatseka mu Febuluwale 2020. A Chakufwa Msowoya anamwalira mu Ogasiti 2022 ndipo anaikidwa ku Hara. A Morton anauzidwa tsiku lomwelo, galimoto yowatenga inafika pakhomo, koma ku maliroko sanapite.